Maliro a Che Husseni a pa Foni

Chaka chimene aliyense anayambitsa chipani chake, akuba nawonso anayambitsa chawo. Munthu ankaimba foni kuchokera ku Lilongwe kuitanitsa katundu, n'kutumiza dalaivala ndi cheke. Katundu akapita, chekecho chinkakanidwa kubanki, mwini wake atachiletsa. Wogulitsa n'kutsala ndi pepala.

Pa Dowa Boma ife a timalonda ting'onoting'ono tinkadalira foni ya m'golosale ya Mayi Safiya. Mayiwa anabadwira ku Ntchisi, anayamba ndi mandasi pa depoti, kenako mchere ndi machesi, mpaka anatsegula golosale. Amuna awo, Che Husseni, anali telala wofatsa, ndipo ankasoka pakhonde pomwepo. Akuba anawapusitsapo mayiwa kamodzi, makatoni a sopo. Kachiwiri sikanachitike.

"Wakuba sanenerera mtengo, Hana," anandiuza tsiku lina. "Amavomera zilizonse, amafuna lero lomwe, ndipo nthawi zonse amakhala mnzake wakalekale wa amuna angawa."

Choncho woimba akangoti amadziwana ndi Che Husseni, mayiwa ankatsitsa mawu. "Nanga kumaliro awo bwanji sitinakuoneni?"

Wina anayankha kuti analipo, anakumba nawo manda. Wina anati anaimba nawo kwaya mpaka m'mawa, osadziwa kuti akunena za Msilamu. Wina anafika pothirira ndemanga kuti malemuwo anali wokonda kachasu koma wamtima wabwino. Che Husseni anamva zimenezo pakhonde, singano n'kuthyoka.

"Amayi, mukundilaula! Mwezi uno wokha ndafa kangati?"

"Sokani, bambo. Mukafa inu katundu amakhala moyo."

Ine nthawi imeneyo ndinali nditaika mpamba wanga wonse pa nyemba. Ndinazigula kumidzi ya kumapiri, matumba khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo ndinali nditawerengera kale kuti zikagulidwa pamodzi nditsegula benchi yangayanga mumsika. Koma anankafumbwe sadikira mapulani a munthu. Ndiye tsiku limene bambo wina anaimba kuti akufuna nyemba zonse za ophunzira a pasukulu yake yogonera, mtima wanga unavina.

Dzina anati ndi a Nowa. Mtengo anavomera osatsutsa. Anafuna mawa lomwe. Pomaliza anafunsa, "Kodi pamenepo si pa Husseni telala? Ameneyo ndi mnzanga wakalekale."

Mayi Safiya anandilanda foni.

"Nanga kumaliro awo bwanji sitinakuoneni?"

Kenako tinamva kulira kwa munthu wamkulu, kofika mpaka pakhonde, foni n'kuduka.

"Uyu ndiye katswiri," anatero mayiwa. "Amaliranso."

Ine ndinakakhala pa matumba anga n'kumawerenga anankafumbwe.

M'mawa mwake kunafika lole. Munatsika bambo wamtali wajekete yakuda, akazi awo atafunda chitenje kumutu, ndi mbuzi yachipepeso pachingwe. Anayambira kumsewu kulira. "Husseni iwe! Wandisiya osatsanzika iwe!" Amayi ogulitsa tomato, posafuna kuoneka ouma mtima, anayamba kuwathandiza kulira asanafunse kuti wafa ndani.

Che Husseni anadzutsa mutu pa makina, tepi ili m'khosi. "Nowa?"

Akazi a a Nowa anathawira kuseri kwa lole. Mbuzi inathawira kwina. A Nowa anangokhala pansi pafumbi pomwepo.

Kunapezeka kuti awiriwa anagwirira limodzi ntchito pa esiteti ya fodya ali anyamata, ankagona m'chigafa chimodzi. Atamva momwe nkhani inalili, a Nowa anaimirira, nakung'untha thalauza.

"Ndagona osadya chifukwa cha nyemba? Dalaivala, liza galimoto! Nyemba zili ponseponse."

Ndinathamanga kukagwada kutsogolo kwawo. "Bambo, pepani. Wolakwa si nyemba. Taonani kaye, n'zosankha, mulibe mwala ngakhale umodzi."

"Choka, mwana iwe! Nonse ndinu amodzi."

Mayi Safiya sanapepese. "Bambo, inu munavomera mtengo osanenerera. Munthu wabwinobwino amatero?"

"Mtengowo unali wabwino!"

"Ndiye mukananenerera pang'ono chabe, mwaulemu."

A Nowa anali ataponda kale chitsulo chokwerera pamene Che Husseni anawagwira jekete.

"Nowa, tamvera. Mayiwa akhala akundiika m'manda chaka chonse. Ena akumba manda, ena aimba kwaya, wina wandimwetsa kachasu. Wondilira ndi iwe wekha. Tsopano ndadziwa kuti tsiku lenilenilo kudzabwera munthu mmodzi."

A Nowa anayesetsa kusunga mkwiyo, koma milomo inawakanika. Anaseka mpaka kutsokomola. "Wakalamba, mfiti iwe. Ndi imfa yomwe yakukana."

Atatha kukumbatirana, a Nowa anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa buku la macheke. Mayi Safiya anakhosomola.

"Mayi, ngakhale ine?"

"Ngakhale inu. Cheke chikhwime kaye kubanki, nyemba zipite pambuyo. Apo ayi, ndalama padzanja."

Dalaivala ndi a Nowa anasonkhasonkha za m'matumba, kuphatikizapo envelopu yachipepeso imene anaikonzera namfedwa. Zinakwana matumba khumi ndi awiri. Otsalawo tinagwirizana kuti adzatenga Loweruka, ndipo panthawiyi a Nowa ananenerera mtengo mpaka thukuta, akuyang'ana Mayi Safiya. Ndinawachotserako pang'ono, phindu langa lilipobe.

Mbuzi inapezeka kuseri kwa positi ofesi ikudya chikwangwani cha msonkhano wa chipani. A Nowa anafuna kubwerera nayo. Che Husseni anakana, nati chopepesera sichibwerera kwawo, ndipo mwini maliro ndi iwo. Anaizinga okha masana omwewo.

Loweruka lole inabweradi. Lolemba ndinakagula matabwa a benchi.