Dzanja M'mphako ya Mtengo ku Indianapolis

Tinanyamuka ku South Bend Loweruka m'mawa, mwezi wa Okutobala, ine ndili pachiwongolero koma mtima ukukana. Amuna anga, abambo a Tadala, anadwala sitiroko chaka chimenecho, ndipo mwendo ndi dzanja la kumanja zinafooka. Adokotala anati ayende, dzanjalo aziligwiritsa ntchito, apo ayi lidzauma mpaka kalekale. Koma kwathu wodwala sagwira kanthu. Anzathu a kutchalitchi akabwera kudzazonda ankawatsegulira ngakhale botolo la madzi, ndipo ine, namwino wathunthu, ndi amene ndinkatsogolera khalidwe limenelo. Mapeto ake munthu anasiya n'kuyesa komwe.

Ulendowu anaukonza ndi mwana wathu Tadala, wa zaka khumi ndi zitatu. Anati kuli masewera otchedwa geocaching: anthu amabisa timabokosi m'mapaki, ena n'kumatisaka potsatira mapu a pafoni. Anasankha paki ina kufupi ndi Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis, yomwe kale inali malo a banja lina lolemera. Anasankha kutali dala, poti bambo ake ankachita manyazi kuonedwa ndi ndodo ndi anthu owadziwa.

Msewu wa 31 ndi wowongoka ngati chingwe, minda ya chimanga chouma uku ndi uku. Ku Kokomo tinaima kumwetsa galimoto mafuta, n'kudya mandasi anga ndi tiyi wa m'fulasiki. Nditafuna kuwagwirira kapu abambo, Tadala anandiyang'ana ndi diso lofiira. "Mum, no." Mwana ameneyu Chichewa amamva chonse, koma poyankha ndi Chingelezi basi.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Pachipata analipiritsa galimoto yokha, anthufe ulere. Malo ake ndiye musanene: kapinga wometa bwino, mitengo ikuluikulu ya masamba ofiira ndi achikasu, chinyumba cha miyala pakamtunda. Ine ndinatulutsa mpando wopinda n'kuukoleka paphewa.

"Mayi a Tadala, mpandowo ndi wa ndani?"

"Ndi wanu. Mukatopa."

"Ndatopa kale ndisanayambe n'komwe?"

Tinayenda mwa kayendedwe ka nkhono, Tadala patsogolo ndi foni. Pabenchi iliyonse ndinkati khalani, iwo n'kumangopitirira, thukuta lili kamukamu. Mayi wina wachizungu woyendetsa galu anationa tikuzungulira malo amodzi, n'kutiuza akuseka kuti foni imangokufikitsa pafupi, kotsalako ndi ntchito ya maso.

Titaoloka kamlatho ka matabwa tinapeza chimtengo chakale chokhala ndi mphako, kutalika kwake cha m'chiuno. Tadala anaunikamo ndi foni n'kukuwa. Mkati, chakuseri kwa masamba, munali kabokosi kobiriwira.

Apa ndi pomwe maleredwe anga anandigwira pakhosi. Ine ndinakula ndikuuzidwa kuti ngakhale ndalama ya pamphambano sutola, nanji chinthu chobisidwa m'mphako ndi munthu wosamudziwa! M'nyumba mwathu matenda anali atalowa kale, sindinafune kuitana ena. Ndinamugwira mwana manja onse awiri.

"Iwe, usagwire! Ukudziwa amene anaika? Nanga ikakhala nyanga?"

"Mum, it's a game!" Misozi inali italengeza m'maso mwake.

Abambo anaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali nditakusowa miyezi yambiri.

"Ndiye tadraiva ulendo wonsewu kudzaonerera mtengo? Chabwino, mwana asagwire, inunso musagwire. Koma dzanja ili nyanga ilichitanso chiyani? Linapweteka kale."

Dzanja la kumanzere linali pandodo, ndipo akanaisiya akanagwa. Anakweza la kumanja lija n'kulipisa m'mphako. Mtima wanga unkati athandize, koma ndikanamusiya Tadala akanalumphira kabokosiko. Ndinagwira njakata, ndinangoima n'kumaonerera.

Kanawapulumuka. Anapumira m'mwamba, n'kupisanso. Kanapulumukanso, ndipo ndinamva akukukuta mano. Kenako zala zija, zimene zinkakanika kugwira supuni, zinakola chogwirira, kabokosi n'kutuluka pang'onopang'ono mpaka pachifuwa pawo. Anakapanikiza pamtengo n'kukankha chotsekera ndi chala chachikulu. Khwa!

Ndinaimba nthungululu mpaka agologolo anabalalika, galu wa mayi uja n'kuyamba kuuwa kutali. Manyazi ndinalibe ngakhale pang'ono, chimwemwe chinandidzaza mpaka kulira. Nyanga ija inali tizidole, kagalimoto ka pulasitiki ndi kakope kolembamo maina a opeza. Tadala anafotokoza kuti ukatenga kanthu umasiyamo kena, ndiye anatenga kagalimotoko n'kusiya mkanda wa m'tsitsi mwake. Kenako anawagwirira bambo ake kakope kaja pamtengo, n'kuwapatsa cholembera. Analemba dzina lawo okha, zilembo zopindika ngati za mwana wa sitandade wani, koma zowerengeka zonse.

Pobwerera njira zinali ziwiri, yachidule yopita pagalimoto ndi yaitali yozungulira dziwe. Pakamwa panga panayamba kale kutseguka.

"Ya kudziwe," anatero abambo, n'kuyamba kuyenda asanamve za ine.

Ndinaphunzira mochedwa kuti miyezi yonse ija chimene chinkamanga dzanja lawo sanali matenda okha, analinso manja anga. Ndinawatsatira pambuyo, manja ndili nawo m'matumba, mpaka tinalizungulira dziwe lonse.