Tayala la ba Tembo

Lachiwiri lapitali ndinagwira ntchito imene sindinaiphunzirepo: kudula matayala.

Tcheyamani wa chipani kwathu kuno, kuseri kwa Palabana, analengeza kuti matayala onse akutha adulidwe n'kukwiriridwa kudzala, poti amasunga madzi ndipo udzudzu watikwana. Mwina mukufunsa kuti bwanji osangowakwirira athunthu. Tinayesapo chaka chatha, abale anga. Mvula itagwa tinawapeza atasuzumira pamwamba ngati bowa.

Ndiye tinasonkhana ndi mipeni, sowo yodulira waya wa m'mphepete, ndi ndowa yonyowetsera mpeni kuti uziterera. Madzi okhaokha, poti sopo masiku ano timamuonera kumaloto.

Lomaliza linali la ba Tembo, neba wanga, amene anayendetsa lole ya ku mishoni mpaka maso atachita nkhungu. Loleyo inafa kalekale. Linangotsala tayala limodzi lakumbuyo, limene amakhalapo m'mawa uliwonse pansi pa mtengo wa mango. Mutu wawo wayamba kutaya zinthu, ngakhale dzina langa amalipeza mwa apo ndi apo. Koma akaika dzanja pa tayalalo, msewu wonse umabwerera.

"Gwirani apa, ba neba," anatero, akukokera chala changa pachipsera cha tayalalo. "Apa ni pa mapiri ya Manenekera. Ninanyamula malata ya tchalitchi, nkhungu ili mbuu, lole ikwera monga iyenda mu mitambo."

Chipsera china chinali cha pa Luangwa, china cha tsiku limene anathamangira kuchipatala ndi mayi wapakati. Ndinatsinzina, mpeni uli m'manja. Ndinamva injini ikulira kutali m'mapiri, fungo la dizilo litasakanikirana ndi la masuku, malata akuimba kumbuyo. Ine amene sindinawolokepo Luangwa ndinawoloka tsiku limenelo.

"Nipaseni mpeni, nizajuba nekha," anatero.

Anadula bwino kuposa tonsefe, zidutswa zinayi. Ine ndi amene ndinazinyamulira kudzala, ndipo mtima unandiwawa.

Tcheyamani sindikumuimba mlandu. Amayi a kunyumba kwa ba Tembo omwewo adwala malungo kawiri dzinja lino. Koma ife anthu akuno sitilemba mbiri yathu. Timaisunga m'zinthu zakutha: mpando wa njinga, mphika wobooka, chikhasu chopanda mpini. Wosesa akafika amaona zinyalala, mwini wake amaona zaka zake. Nanga inu, kuseri kwa nyumba yanu kulibe kanthu kotere?

Chimene chikundidya n'chakuti nzeru inandifikira dzala litakwiriridwa kale. Tikanangolidzaza dothi tayalalo, udzudzu ukanaswera pati? Amuna asanu ndi awiri, ndevu pepeya, palibe anaganizapo. Tinamva kuti "onse" basi, tinanola mipeni. Kumvera takuzolowera mpaka kufunsa timakuona ngati mwano.

Dzulo ndinawapeza atakhala pa kampando kamene akazi awo awaikira. Pofuna kuwasangalatsa ndinati andifotokozerenso za malata aja.

Anamwetulira, dzanja n'kutsikira m'mbali mwa kampandoko. Linafufuza, linafufuza, linagwira thabwa losalala.

"Malata yati, ba neba?"