Mzukwa wa m'Fakitale ya Mabulangete

Inu amene munauzidwapo kuti pakati pa anthu mulibe malo, imvani za Chiso wa ku komboni ya George.

Tsiku la maliro a bambo ake, Chiso anasowa pokhala. Azimayi anali m'nyumba pamphasa, azibambo panja pansi pa tenti. Atalowa m'nyumba, azakhali ake anayang'ana buluku lake ndi mutu wake wometa, n'kumulozera khomo. Atapita kutenti, azibambo anatambasula miyendo mpaka benchi inadzaza.

Chiso anabadwa mtsikana, koma chiyambire diresi ankaimva ngati chovala chobwereka. Sankadzitcha mkazi, sankadzitchanso mwamuna. Mayi ake anamwalira kalekale. Bambo ake ankangoti "mwana wanga" n'kuthera pomwepo, ndipo tsopano anali m'bokosi. Anadwala atangochotsedwa ntchito, zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa.

"Ichi chinthu ndiye chadya batate bake," anatero azakhaliwo, anthu onse akumva.

Pochokera kumanda, achibale anatenga nyumba ndi zonse za m'menemo.

Chiso anakabisala m'fakitale ya mabulangete yomwe bambo ake ankagwirako ntchito. Inali itatsekedwa. Ngakhale dzuwa liswe mtengo, m'katimo munali mdima wa chisisira. Makina anawafunditsa nsalu zoyera, ali ndondondo ngati mitembo yodikira eni ake. Maovolosi a antchito anali akadali pamisomali, ndipo mphepo ikalowa ankagwedeza mikono.

M'mawa ankakankha wilibala kumsika wa Kamwala, kunyamula mabelo a salaula, zovala zakaunjika zija. Masana akabwerera analibe womulankhula, choncho anayamba kulankhula ndi makinawo. Pang'onopang'ono mawu akewo anasanduka ndakatulo.

Koma akalakatula, mawu ankabwerera pawiri, ena okhuthala, ena opyapyala, ngati kuseri kwa makinawo kwaima anthu awiri omutsatira. Ulendo woyamba anathawa osavala nsapato. Anabwereranso poti analibe kwina kopita, ndipo mawa lake analakatulanso.

Mbiri inawanda m'komboni monse kuti m'fakitale muli mzukwa. Azimayi opita kukatunga madzi anasintha njira.

Mmodzi yekha ndiye sanasinthe: Ba Kulthum, mayi wa ku komboni ya Chaisa wogulitsa samusa. Masana ena atamva mawuwo anatula beseni, nalowa akunong'ona pemphero.

"Twalibu?" anaitana mumdimamo. "Ndiwe?"

Chiso anatulukira kuseri kwa makina. Onse awiri anadzidzimuka.

Twalibu anali mwana wa mayiwo. Anabadwa mnyamata, koma ankakonda kumanga chitenje ndi kupeka ndakatulo za pa ukwati. Anyamata atamumenya pamsika, anatuluka m'nyumba m'mawa wina osabwereranso. Palibe anamuonanso, wamoyo kapena wakufa.

"Sindine Twalibu, amama," anatero Chiso.

"Naona," anayankha mayiwo, nakhala pansi pafumbipo. "Koma kamba futi vija wenze kukamba."

Lamulungu lotsatira anabwera ndi anthu ena awiri omwe ankacheza ndi Twalibu: Enos, woluka tsitsi ku Matero yemwe ankapaka milomo, ndi Nusra, kondakitala wa minibasi wolemba nthano. Anayamba kukumana mlungu uliwonse, kuwerengerana ndi kukonzerana zolemba zawo.

Atafuna kuwerengera anthu poyera, zitseko zinatsekeka. Mwini holo wina atangoona milomo ya Enos anati malo adzaza. Kwina anawatsira madzi otsukira mbale. Ku Kamwala amalonda anasiya kumupatsa katundu Chiso, ati amabweretsa tsoka. Anagona ndi njala masiku angapo, ndipo anauza Ba Kulthum kuti wasiya zandakatulo.

"Wanga anayenda chabe zii, palibe anamvera mawu yake," anatero mayiwo. "Iwe bakuyopa kale ngati mzukwa. Baitane mwamene muno, baone kuti uli na nkhope."

Anasesa m'fakitalemo. Nusra analengeza m'minibasi, Enos anauza aliyense womuluka.

Lamulungu lake masana kunja kunada ndi mitambo. Anthu anabwera ambiri, koma osati chifukwa cha ndakatulo. Ankafuna kuona mzukwa. Ena ananyamula Mabaibulo, ena miyala m'matumba. Anaima mothithikana pakati pa makina ofundawo, aliyense akupewa kukhudza nsalu.

Ba Kulthum ndiwo anatsegula mwambowo. Analakatula pamtima ndakatulo ya Twalibu, natchula dzina lake mokweza. Atangomaliza, wezulo ya fakitale, yomwe inasiya kulira kuyambira pomwe magetsi anadulidwa, inabuula kamodzi, motalika. Mileme inabalalika kudenga. Palibe anali pafupi ndi wezuloyo. Ena mpaka lero amati inali mphepo.

Wothawa panalibe. Aliyense anaima pomwe anali.

Enos anawerenga, Nusra anawerenga. Kenako Chiso anakwera pabokosi la matabwa. Asanatsegule pakamwa, mwala unachokera kumbuyo n'kumutema pamphumi. Magazi anatsikira m'diso. Sanawapukute.

"Mumandifunsa ngati ndine mkazi kapena mwamuna.
Njala sinandifunse.
Wilibala sinandifunse.
Amene anandibereka anandinyamula osafunsa."

Analakatula za bambo ake ndi anzawo ochotsedwa ntchito, akutchula mayina awo mmodzimmodzi, akuloza maovolosi pakhomapo. M'gulumo munali akazi amasiye a anthu amenewo. Wina anayamba kusisima. Mwala wachiwiri sunabwere.

Anthu akutuluka, bambo wina wachikulire, Ba Abraham, anatsalira. Anayandikira mwamanyazi, natulutsa mwala m'thumba la jekete, nauika pansi.

"Nili na mwana kunyumba," anatero motsitsa mawu. "Ali monga imwe. Ninamuletsa kuchoka panja, manje sakambanso na munthu. Ningamubweretse?"

Chiso anapukuta diso ndi mkono wa malaya.

"Mubwere naye, batate. Avale vamene afuna."

Mwanayo, Musonda, anabweradi. Miyezi ingapo ankangokhala pakona akumvetsera, kenako tsiku lina anaimirira n'kuwerenga.

Achipongwe sanathe, ndipo azakhali aja sanapepese. Koma mwambowo unakhazikika, ndipo fakitale itagulidwa, mayi wina wamasiye anapereka bwalo la nyumba yake. Chiso anakhala mphunzitsi wa alakatuli ambiri a ku George, Chaisa ndi Matero, omwe kale ankabisala.

Mwina nanunso lero akukuthawani ngati chinthu choopsa. Mwina mukulankhula ndi makoma okha. Lankhulanibe. Kunja kuli wina amene watsekeredwa, akudikira kumva kuti sali yekha. Mtima wanuwo musautaye, ndipo pakamwa musatseke.