Mkamwini Amene Anamanga Mvula

Amuna anga ntchito yawo inali yoyankhulira azungu a mu kanema. Kuseri kwa msika wa Migowi anali ndi kachipinda ka malata momwe munali kompyuta yakale, maikolofoni yomangidwa ndi mphira, ndi mpando umodzi wopanda chotsamira. Ankatenga filimu ya Chingerezi, n'kutsitsa mawu ake, n'kuikamo awo a Chichewa. Mwamuna anali iwo, mkazi anali iwo, ngakhale galu akauwa ankamuyankhulira. Eni nyumba zoonetsera vidiyo ankabwera kudzatenga pa memori khadi, ndipo pofika Loweruka mawu a amuna anga ankakhala akumveka kuyambira pa Migowi mpaka kumidzi ya m'munsi mwa phiri la Michesi.

Chingerezi chawo chinali cha Fomu 2, choyendera ndodo. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndiye filimu ikawakanika ankabwera nayo kunyumba pa foni. Lamlungu tikachoka ku tchalitchi tinkakhala pansi pa mango, ine ndikusankha nandolo m'lichero, khutu lili ku foni, n'kumawauza zimene azunguwo akukanganirana.

Tinkakhala kwathu, pamalo a amayi anga, monga mwa mwambo wathu woti mwamuna amatsata mkazi. Iwo kwawo kunali cha ku Fort Lister. Njerwa anaumba okha, nyumba anamanga okha, koma dothi linali lathu, ndipo abale anga sankawalola kuti aiwale zimenezo. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi amene amayang'anira mbumba yathu, sankawafuna n'komwe. Kwa iwo mkamwini ndi khasu. Munthu wodzuka m'mawa, kusamba, kukwera njinga kukayankhula yekha m'chipinda chotseka ankamuona ngati nkhuku yosaikira imene ikungotha madeya.

Filimu imene inatipasula inali ya zigawo zisanu ndi ziwiri, ya nkhondo za m'mlengalenga. Munali mayiko ambirimbiri oyandama pakati pa nyenyezi, ndi zombo zouluka kuchoka dziko lina kupita lina. Woipa wa m'menemo poyamba sanali woipa. Anali mlonda wa pachipata cha dziko lina laling'ono, louma, limene zombo za olemera zinkangodutsa osaima. Anthu ake akudwala, iye anapita kukapempha thandizo kwa akuluakulu a mayikowo, ndipo anamusiya panja masiku atatu. Anabwerera chimanjamanja. M'chigawo chachiwiri anali atalanda chombo chimodzi, m'chachitatu anali ndi asilikali, ndipo kuyambira pamenepo sankathamanganso kapena kukalipa. Ankavala mkanjo woyera, m'chiuno muli chingwe. Dziko likamugonjera ankamanga mfundo imodzi pachingwepo, mwapang'onopang'ono, uku akumwetulira.

Chimene ankawamana anthu a m'mayikowo chinali miyala ina yowala imene zombo zinkayendera. Amuna anga anaonera kawiri, n'kukanda m'mutu.

"Amayi a mwana, izi anthu sazimva. Ndani pa Migowi pano angalire chifukwa cha miyala yoyendetsera ndege?"

Ndikukumbukira kuti ndinaseka. Ndinali wonyada ndi nzeru zanga, ndipo mpaka lero ndimadana nako kuseka kumeneko. Ndinati, "Ndiye musati miyala. Nenani kuti akumanga mvula. Simukuona chingwecho? Mfundo iliyonse ndi mvula ya dziko limodzi."

Anandiyang'ana, n'kuwomba m'manja kamodzi. Mawa lake anajambula chigawo chachitatu.

Anthu ena onse a mufilimuyo ankawayankhulira ndi mawu osintha: asilikali mawu okhuthala, akazi mawu opyapyala, maloboti atatsina mphuno. Koma munthu wa chingweyo anamupatsa mawu awo enieni, ofatsa, omwe aja ankandifunsa nawo ngati madzi osamba atentha. Ndiye ankaopsa kuposa onse. Mayiko aja anawatcha mayina a malo akuno, monga amachitira omasulira onse pofuna kuseketsa. Dziko lina linali Migowi, lina Fort Lister. Chombo chikaphulika ankati minibasi yaphulitsa tayala. Anthu ankadzaza m'nyumba za vidiyo masana dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu, akuseka mpaka kugwa pa mabenchi. Ndipo ambiri, kunena zoona, ankamukonda woipayo. Aliyense kuno anadikirapo panja pa ofesi ya munthu.

Kuti anthu adziwe kuti chigawo chatsopano chatuluka, amuna anga anapota chingwe cha khonje, n'kumachimangirira pa handulo ya njinga. Chigawo chikatuluka ankawonjezera mfundo. A kabaza akawaona ankakuwa, "Amfumu a m'mwamba, timasulireni mvula!" Iwo ankakweza chingwecho, n'kuyankha ndi mawu aja, "Mugwade kaye." Anagula malata a khitchini, anagulira amayi anga chitenje ndi nsapato. Amayi anavala. Atsibweni anangoti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Chigawo chomaliza chinatuluka titangobzala. Munali dziko lobiriwira, la phiri lalitali, lomaliza kugonja. Amuna anga analitcha "kwa apongozi anga, m'munsi mwa Michesi." Woipayo akumanga mfundo yachisanu ndi chiwiri, iwo anati, "Awa ndiye amandinyoza. Mvula yawo ndaika m'thumba." Azisuweni anga anaseka mpaka misozi, anabwera kunyumba kudzabwereza mawuwo pamaso pa amayi. Chingwe chija, ntchito yake itatha, anachipachika kudenga la chipinda chathu, pafupi ndi mbewu ya mapira.

Ndiye kunabwera ng'amba. Chimanga chinali chitafika m'mawondo pamene mvula inadula. Sabata yoyamba palibe anadandaula. Yachiwiri masamba anayamba kupotana. Tsiku lililonse masana mitambo inkaunjikana pamwamba pa Michesi, yakuda bii, kamphepo konunkhira dothi kankafika mpaka pakhomo, kenako zonse n'kubalalika. Tinkamva kuti kwina ikugwa. Kwathu kokha.

Kuno mvula ikadula sitifunsa kuti chachitika n'chiyani, timafunsa kuti ndani. Ndinakula ndikuziona. Chaka china anali bambo wina woumba njerwa m'dzinja. Chaka china anali mayi wokalamba wa kutsidya kwa mtsinje, amene anamugumulira nyumba n'kumuthamangitsa ndi miyala. Anthu omwewo Lamlungu amaimba kwaya. Ndinazindikira kuti zafika pakhomo panga tsiku limene ndinafika pa mjigo akazi n'kusiya kucheza. Wina anandipatsa malo kuti nditunge msanga, mwaulemu wonyanya.

Anabwera Lachinayi m'mawa, ine ndikukonzeka kupita ku sukulu, mwana wathu wamkazi wa miyezi isanu ndi itatu ali kumbuyo. Atsibweni anakhala pampando pabwalo la amayi. Kuseri kwa mpanda kunaima anyamata ambiri, ena mwa iwo omwe aja ankagwa pa mabenchi ndi kuseka. Ena anali ndi miyala m'manja, osaibisa. Msuweni wanga wina analowa m'chipinda chathu osaodira, n'kutuluka ndi chingwe.

Amuna anga anakhala pansi, monga amakhalira mkamwini.

"Atsibweni, ndi sewero chabe. Chingwecho ndi chotsatsira malonda. Ine mvula ndingaimange bwanji, poti nanenso ndimadya chimanga chomwechi?"

"Chimene simulima," anatero atsibweni. Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe ndiwe wa sukulu. Chizungu umachimva. Tiuze pamaso pa anthuwa. Azungu a mu kanemayo amanenadi za mvula, kapena za mvulazo anaikamo yekha munthuyu?"

Ndinayang'ana miyala ija. Ndinayang'ana amayi anga, atakhala pa mkeka, imvi mbuu, mkazi wamasiye wa zaka zomwe zija za mayi wa kutsidya. Ndinadziwa kuti ndikanena kuti nzeruyo inali yanga, chala chichoka pa mlendo n'kulowa m'nyumba mwathu, ndipo sichiima pa ine. Mwana wamkazi amaphunzira kwa ndani, ngati si kwa amayi ake? Zonsezi ndinaziwerenga m'mutu mofulumira kuposa mmene ndikuzilembera pano. Ndimanena zimenezi osati kuti mundikhululukire. Panali mantha, koma panalinso kuchenjera, ndipo kuchenjerako ndi kumene kumandinyansa.

"Ayi," ndinatero. "Azunguwo sanena za mvula."

Sindinaname. Ndinangolekera pomwepo. Amuna anga anandiyang'ana, akudikira kuti ndipitirize. Anadikira nthawi yaitali ndithu, mpaka mwana anayamba kulira kumbuyo ndipo ine ndinapeza chochita ndi manja anga. Akanatha kunena okha. Anthu akanawakhulupirira kapena ayi, koma akanatha. Sanatsegule pakamwa.

Atsibweni anawaponyera chingwecho. Amuna anga anamasula mfundo zonse zisanu ndi ziwiri, imodzi imodzi, ndi zikhadabo, ina yolimba ndi mano, anthu akuyang'ana. Kenako anauzidwa kuti dzuwa lisawalowere pamudzi. Mkamwini alibe katundu wambiri. Nyumba imatsala, malata amatsala, mwana amatsala. Anamanga chikwama pa keriyala ya njinga, anagwira kaphazi ka mwana, n'kupita. Atsibweni ananditonthoza ndi mawu akuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ngati kuti anaterereka yekha.

Mvula inagwa patangopita masiku atatu. Ndinaima pakhonde ndikuitukwana mumtima. Ikanachedwa sabata ziwiri, mwina wina akanachita manyazi. Koma inagwa yambiri, yabwino, chimanga chinadzuka, ndipo mlandu unathera pomwepo. Chaka chimenecho ndinadya chimanga chimenecho ngati wina aliyense.

Amuna anga ndinawatsatira kamodzi, patapita miyezi. Anali atawoloka malire, akukonza mafoni pakhonde la sitolo ina ku Mozambique. Anandilandira bwino, anandigulira chakumwa, anafunsa za mwana. Koma nthawi yonseyo ankanditchula kuti "aphunzitsi." Ndinayamba kufotokoza za miyala ndi za amayi. Anati, "Ndinamvetsa tsiku lomwelo, aphunzitsi. N'chifukwa chake ndinakhala chete." Kenako anabwerera ku foni imene ankakonza. Kanema sanamasulirenso, ndipo ndinamva kuti anakwatira.

Filimu ija sinafe. Papita zaka zisanu ndi zinayi, ikuyendabe pa mafoni, kuchoka khadi ina kupita ina. Ana amene sanawaonepo amuna anga amamanga mfundo pa luzi n'kumauzana kuti "mugwade kaye." Munthu wouma mtima pa msika amamutcha wa chingwe. Atsibweni, amene tsopano maso akuvuta, ndinawapeza tsiku lina zidzukulu zitawaikira foni kukhutu, akuseka mpaka kutsokomola. Anandiona, n'kunena kuti, "Koma anali ndi luso munthu uja." Ndinapita kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Mwana wathu ali Sitandade 4, pa sukulu yomwe ndimaphunzitsa. Anauzidwa ndi anzake kuti mawuwo ndi a bambo ake. Amabwereka foni yanga, ndipo ndinazindikira kuti saonera nkhondo kapena zombo. Amadumphitsa zonse, kufuna pamene pakuyankhula wa mkanjo woyera, chifukwa ndi pokhapo pamene pali mawu awo enieni. Bambo ake amawadziwa akuopseza mayiko. Sanawamvepo akumuitana kuti adzadye.

Mwezi wathawu tinali pansi pa mango uja, ine ndi lichero, iye ndi foni. Pansi pa Chichewa cha bambo ake, Chingerezi chimamvekabe pang'ono, ndipo mwanayu khutu lake ndi lakuthwa. Anaimitsa filimu.

"Amayi, mzunguyu ndikumumva akunena za miyala. Amanenadi za mvula?"

"Ayi," ndinatero.

Anandiyang'ana, akudikira. Maso ndi a bambo ake, ndipo kudikirako ndi komweko. Panalibe miyala kuseri kwa mpanda, amayi anga anagona kale kumanda, panalibe woti ndimuteteze koma ine ndekha.

"Za mvulazo ndinawauza ndine. Tsiku limene anawathamangitsa, atsibweni anandifunsa, ndipo sindinanene."

Sanalire. Anatenga foni n'kupita kuseri kwa nyumba imene bambo ake anamanga. Patapita kanthawi ndinamva mawu ofatsa aja akuyamba, akumanga mvula ya kwa apongozi awo. Kuyambira tsiku limenelo, ngakhale kunyumba, mwanayu amanditchula kuti aphunzitsi.