Ku Nsipe ndi Hamonika ya m'Kaunjika

Ndinanyamuka pa Biriwiri Lachinayi m'ma 7 koloko, chifunga chisanachoke, hamonika ili m'thumba. Kachida koimbira pakamwa kameneka ndinakapeza m'jekete ya kaunjika, ndipo kanandizunguza mutu mpaka ndinauza akomiti ya ukwati wa mwana wanga Tadala kuti Loweruka mkwatibwi adzalowa muholo ine ndikuimba nyimbo ya m'filimu ya amwenye imene mayi ake amaikonda. Pakamwa pangapa! Masabata atatu ndinauzira, koma nyimbo inkatuluka ngati m'kamwa mwa nkhalamba, apa dzino, apa palibe. M'mawa wa Lachinayiwo amake Tadala anagamula: "Ndikapanda kuizindikira lero madzulo, tikufufutani pa pologalamu. Simundichititsa manyazi pamaso pa asebele."

Ine ndinkati mabowo ena ndi akufa. Ndiye ulendowu unali wokakonzetsa kwa Che Sumani a ku Nsipe, amene anaphunzira kuimba hamonika akugwira ntchito m'sitolo ya mwenye ku Limbe.

Minibasi yopita ku boma inandidya K2,500, mpando wake thumba la kachewere. Titatsika chitunda ndinati ndiyeseko pang'ono. Mbuzi imene inali pansi pa mpando wa patsogolo panga inayankha. Kondakitala anati, "Madala, awirinu mugwirizane, aziimba mmodzi." Basi yonse inafa nacho chiseko, ine ndemwe.

Pa boma ndinadya chipisi cha K1,500 ndili chiimire, kenaka ndinakwera ina ya K2,000 imene inatha ola lathunthu ikuitanira anthu. Ku Nsipe ndinafika dzuwa lili paliwombo. Che Sumani, mkulu wa ndevu zoyera, ndinawapeza m'kagolosale kawo akuyeza mchere. Ndinawafotokozera za hamonika ya m'jekete ndi mabowo ake akufawo.

"Tauzirani timve," anatero. Ndinauzira mpaka misempha ya pakhosi inatuluka. Mkuluyo anaseka, kofia nkugwera mumchere.

"Achimwene, inu mumangotulutsa mpweya basi? Bowo lililonse lili ndi mawu awiri, ena pouzira, ena pokoka. Palibe chafa apa."

"Ndikoke? Mpweya wa mwini jekete? Ndikudziwa ine chimene chinamupha?"

"Nanga jekete yakeyo simwaivala?"

Ndinatsinzina nkukoka. Fumbi ndi fungo la fodya wa kunja zinandilowa mpaka m'chifuwa, ndinatsokomola misozi mbwe, koma mawu amene ndinawasowa masabata atatu aja anatuluka bwinobwino! Ndinalumpha ngati mwana, amayi ogulitsa tomato panja nkusuzumira kuti kwagwanji.

Che Sumani anatulutsa yawo yakale, yokulunga m'mpango. Anati m'mafilimu a amwenye hamonika sailiza chisawawa. Imalira munthu akakhala pa ulendo, pa zenera la sitima, kapena mawu akamuthera pamaso pa mkazi. "Ndipo salumpha kuchoka pa liwu kupita pa lina ngati kwaya ya kwanu. Amatsetsereka." Anandionetsa kubweza lilime m'mbuyo pokoka kuti mawu apindike, ndi kukupiza dzanja kuti anjenjemere. Tinalimbana nazo mpaka 3 koloko, kasitomala akabwera ine ndikupitiriza pakona, milomo itachita dzanzi.

Pobwerera sindinaone phiri kapena mudzi. Ndinali kumpando wa kumbuyo, koka, uzira, koka, mutu uli waa ngati ndamwa masese. Mpaka ndinapitirira siteji yanga, ndinachita kubwerera wapansi ndikuseka ndekha.

Ndinafika kunyumba m'ma 5 koloko, amayi a m'mudzi ali pakalikiliki kuphika thobwa la ukwati. Ndinabisala kuseri kwa khitchini nkuyamba. Macheza anazima. Kenaka amake Tadala anatulukira, chipande chili m'manja, khosi likugwedezeka chimwenyemwenye.

"Ndi ya pa sitima ija! Bambo a Tadala, ndinu kodi?"

Nthungululu zinamveka mpaka tsidya la msewu, ku Mozambique. Ine ndinavina, sindibisa.

Tadala yekha sanavine. Anaima pakhomo, ndipo phokoso litatsika anati chapansipansi, "Adadi, Loweruka mudzaimbe pang'onopang'ono, ndisadzafike msanga kutsogolo."

Tsiku lonse ndinkathamangira kupulumutsa dzina langa pa pologalamu, osaganizako kuti nyimbo imene ndikuphunzirayi ndi yoperekezera mwana wanga kwa eni ake. Ndinabwezera hamonika pakamwa kuti ndiyese pang'onopang'onopo, koma mpweya unakana kulowa.