Mayi Wapolisi Amene Anaima Kutsogolo kwa Mfuti

Anzanga, zimene ndikuuzenizi si nkhambakamwa ayi, zipsera zake ndikadali nazo kumsanaku. Tinali titangobwera kumene kuchokera ku Malawi komwe tinathawira nkhondo, ndipo poti kumunda tinali tisanakolole kanthu, ine ndinkapalasa njinga kutenga nsomba zouma kunyanja ya Chiuta kukagulitsa ku tauni ya Insaca.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo apolisi awiri anandiimitsa panjira, wina bambo wamtali, ena mayi ochepa thupi. Bamboyo anati ndionetse bilheti, chiphaso chaboma chija, koma munthu wobwera dzulodzulo ndikanachitenga kuti? Ndinatulutsa khadi la kumsasa wa othawa nkhondo. Atangoliona anati ndine mmodzi wa aja ankawotcha midzi, ndipo ndisanayankhe n'komwe anakankha njinga, nsomba mbwee mumsewu, n'kuyamba kundikwapula ndi shamboko, chikoti chawo chija. Nditatchinga kumaso ndi manja anati ndikufuna kulimbana naye, basi n'kukoka mfuti. Ndinamva chitsulo chija chikulira, ndipo ndisakunamizeni, mkodzo unatuluka wokha.

Ndiye mayi aja, amene ndinkayesa kuti angoyang'ana kumbali monga tinazolowera nthawi ya nkhondo, anabwera n'kuima pakati pathu, mfuti ikuwaloza pachifuwa. Sanakuwe ayi. Anamuuza mnzawoyo kuti nkhondo inatha, kuti yunifolomu imene avala ndi imodzi ndipo sangalole kuti idetsedwe iwo akupenya, ndiponso kuti ngati akufuna kuwombera ayambe ndi iwowo. Anthu anali atayamba kuunjikana. Bambo uja anatsitsa mfuti, mayiwo n'kumulanda, ndi shamboko yomwe.

Sizinathere pomwepo. Anandiperekeza okha kwa komandanti, mkulu wawo, anati ndivule malaya kuti mkuluyo aone mikwingwirima, n'kufotokoza zonse mnzawoyo ali chiimire pomwepo. Inu munamvapo wapolisi akuneneza wapolisi mnzake chifukwa cha wogulitsa nsomba? Ine ndinaziona ndi maso angawa. Bambo uja sitinamuonenso pamsewu umenewo, ndipo ine m'mawa mwake ndinadutsa pomwepo ndikuliza belu la njinga yanga.

Lero ndimakhulupirira kuti mtendere sunabwere ndi mapepala okha amene akuluakulu anasaina, unabweranso ndi anthu ngati mayi amenewo. Inu ana athu amene mukulowa upolisi, mukadzaona mnzanu akuzunza munthu inu n'kungokhala chete, dziwani kuti nanunso mwamenya nawo.