Phala la a Nachisale

Ndinali ndi zaka khumi pamene anzanga ku Chilomoni anasiya kusewera nane fulaye. Chifukwa chake chinali a Nachisale, mayi wa ku Nsanje amene ankachita lendi chipinda choyandikana ndi chathu. Ankangotsokomola, ataonda ngati ndodo, ndipo abale awo anali atasiya kubwera. Amayi anga ndiwo ankawasambitsa ndi kuwachapira, ine n'kumawapititsira phala masana amayi akakhala kumsika. Makolo a anzanga anati kwathu kuli matenda, ana asayandikeko.

Ndinkangokhala ndekha pakhonde, kumamva anzanga akuseka kuseri kwa mpanda. Kunena zoona, zinkandiwawa. Kukatekisimu ankatiphunzitsa kuti ochitira anzawo chifundo ndi odala, koma ine kudala kwakeko sindinkakuona. Nditawadandaulira amayi, anangoti, "Anakuuza ndani kuti kudala n'kuseka?"

Tsiku lina nditanyamula mbale ya phala, ndinaona anzanga aja akundiyang'ana ali pamsewu. Sindidziwa chimene chinandilowa. Ndinakhuthulira phala lonse m'ngalande iwo akuona, n'kuwauza kuti za wodwala uja ine ndasiya. Basi, anandilandira. Ndinasewera mpaka miyendo kutuwa ndi fumbi, ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Amayi atabwera madzulo analowa kwa a Nachisale, ine ndili pambuyo pawo. Anawafunsa ngati adya. A Nachisale anandiyang'ana, milomo yawo itauma gwa. Apo m'pamene ndinazindikira kuti zenera lawo linkayang'ana kungalande kuja.

"Ndadya, mayi," anatero chapansipansi. "Mwanayu amandisamala."

Bola akanandinenera, amayi n'kundikwapula, nkhani n'kutha. M'mawa mwake anzanga anabwera kudzanditenga ndipo ndinapitadi, koma masewera sanakomenso. Ndinali pakati pa ana ambiri, komabe ndinasungulumwa kuposa pakhonde paja. Ndinabwerera kunyumba dzuwa lisanafike pamutu, n'kukatereka phala.

A Nachisale anamwalira mvula isanagwe, ndisanawapepese.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo funso la amayi lija la kudala ndi kuseka ndimalimvetsa. Masiku amene ndinkakhala ndekha pakhonde, mbale yopanda kanthu ili pambali panga, ndimawakumbukira ndi mtendere. Koma za tsiku limene ndinaseka kwambiri paubwana wanga wonse, mpaka pano sindinauzeko ana anga.